Ndinamva Kugogoda, Sindinatsegule

Mpandowo chotsani, ana anga, ine sindikhala pansi. Ndikakhala pansi nkhani imeneyi ndiyamba kuikongoletsa, ndipo ndinaikongoletsa kale mokwanira. Kachitsulo kali m'manja mwangaka musakadabwe, ndikuuzani za iko ndikamamaliza.

Dzina langa ndine Estere Nambewe. Ambiri kuno kunyanja mumangonditchula kuti azamba, ndipo ena mwa inu mwakhala kumbuyoko ndinakugwirani miyendo musanadziwe n'komwe kuti muli ndi miyendo. Andiuza kuti muno muli anthu amene mwasiya ntchito ina n'kuyamba ina mutakula kale. Wina anali msodzi, lero akuphunzitsa ana. Wina ankagulitsa mpunga pamsika, lero wavala yunifolomu yachipatala. Andiuzanso kuti ena mwa inu mtima sukhala m'malo, mumangodikira tsiku limene wina adzakulozeni chala n'kufunsa kuti uyu walowa bwanji muno. Matenda amenewo ndimawadziwa. Ine anandigwira mpaka anapha munthu, ndipo wakufayo sindinali ine.

Ndisanakhale mzamba ndinali telala. Ndinkasoka pakhonde la sitolo ina paboma la Nkhotakota, ndipo ndisadzichepetse, ndinali telala weniweni. Inali nthawi ya chipani chimodzi, ntchito inali yosasowa: nsalu za chipani za amayi okavina, madiresi otsika mpaka kubisa mawondo monga lamulo linkafunira, mayunifolomu a ana asukulu. Chimene chinandikanika ndi cha kunyumba. Zaka zisanu ndi zitatu m'banja, mimba osaoneka. Ndinamwa mizu yowawa ya asing'anga onse kuyambira ku Malengachanzi mpaka ku Kanyenda, osaphula kanthu. Tsiku lina bambo akunyumba ananyamula bulangete ndi nkhwangwa yawo n'kubwerera kwawo, ndipo chaka chisanathe ndinamva kuti mkazi wina wawaberekera mwana wamwamuna. Apo aliyense anadziwa kuti vuto linali mwa ndani. Dzina langa latsopano linali chumba.

Mayi wina wa kuchipatala cha mishoni, amene ankabweretsa mayunifolomu kuti ndizisoka, ndiye anandiuza kuti kukufunika amayi ofika sitandade eyiti kuti aphunzire uzamba. Anati waona kuti manja anga sanjenjemera. Ine ndinkangofuna kuchoka pakhonde paja, pamene aliyense wodutsa ankadziwa mbiri yanga. Ndinalowa sukuluyo ndili ndi zaka makumi atatu, pakati pa atsikana oti ankandipatsa moni mogwada ngati ndine make wa mnzawo. Mayeso ndinakhoza, ndipo ndinakhoza bwino. Koma mumtima ndinati aphunzitsi angondimvera chisoni chifukwa cha msinkhu. Setifiketi ndisanaigwire n'komwe, ndinali nditayamba kale kuibweza.

Ananditumiza kukachipatala kakang'ono m'dera la Mwadzama, pafupi ndi nyanja. Zipinda zinali ziwiri, china cha odwala wamba, china cha amayi. Cha odwala wamba ankayang'anira bambo Nyirenda, dokotala wamng'ono wochokera kumpoto, munthu wa mawu ochepa. Cha amayi chinali changa ndekha. Anandipatsa nyumba ya malata pambali pa chipatalacho, ndipo katundu woyamba kulowa m'nyumbamo anali makina anga osokera. Ndinawaika pakona n'kuwafunditsa nsalu. Ndinkadziuza kuti ndi osokera makatani, koma zoona zake zinali zoti inali njira yanga yothawira.

Tsiku loyamba la sikelo, amayi oyembekezera atadzaza khonde, mmodzi anandifunsa funso limene mkazi aliyense amafunsa mnzake. Anati, "Anamwino, nanga anu alipo angati?"

Mwambo wathu mukuudziwa. Kuchikuta, kumene mayi akuchirira, sikulowa mwamuna, sikulowa mtsikana, sikulowanso mkazi amene sanaberekepo. Amati akaona chiyani kumeneko, njirayo iye mwini sanaiponde. Ndinayang'ana mimba zija zitandandalika pakhonde, ndinaganiza kuti ndikangonena zoona onse anyamula zitenje zawo n'kumapita. Pakamwa panatsogola, mutu unabwera pambuyo. Ndinati analipo mmodzi, anatisiya.

Onse anati pepani, ndipo bodza linabadwa pomwepo, lamoyo, lofuna kudyetsedwa tsiku ndi tsiku. Mawa lake anafunsa dzina, ndinati Tiyamike. Ndinamumeretsa mano, ndinamuyendetsa, ndinamupatsa chizolowezi chokonda mbatata yootcha, kenako ndinamupha ndi chikuku ali ndi zaka ziwiri. Madzi pachipatala anali ovuta, choncho m'mawa uliwonse ndinkatsikira kudoko la akazi kukasamba ndi kuchapa yunifolomu pamodzi ndi amayi a m'mudzi, ndipo kumeneko ndi kumene ndinkawasimbira za Tiyamike. Choseketsa, kapena chomvetsa chisoni, n'choti ndinayamba kumulira zenizeni. Misozi inkatuluka ndithu chifukwa cha mwana woti sanakhaleko.

Ntchito inkayenda. Ndinalandira ana ambiri, mapasa omwe, ndi awiri obwera chokhala, matako patsogolo mutu pambuyo, onse amoyo. Munthu wanzeru akanati ntchitoyi ndikuitha. Ine ayi. Mwana akabadwa bwino ndinkati ndi mwayi, mayiyo anali wamphamvu, akanachira ngakhale pansi pa mtengo. Mayi akang'ambika pang'ono ndikamamusoka, kamawu kena m'mutu kankati, eya, telala, ntchito yako ndi yokhayi. Setifiketi yanga inali pakhoma, m'munsi mwa chithunzi cha mtsogoleri wa dziko, ndipo ndinkaiyang'ana kangapo patsiku ngati kuti dzina lingasinthe ndikatembenuka.

Masiku amenewo galimoto ya boma ikaima pakhomo pako, sunkafunsa kuti yabweretsa chiyani, unkafunsa kuti yadzatenga ndani. Ine ndikangomva injini kumsewu, thukuta linkatuluka, ndinkati basi wina wakanena kuti kuchipatala kuja aikako chumba. Achinyamata achipani akamafunsa makadi pachipata ndinkatulutsa langa asanandifunse. Loweruka lililonse ndinkavundukula makina aja, kuwathira mafuta, kuwapalasa pang'ono kuti ndimve ngati akuyenda, n'kuwafunditsanso. Sindinkatha kukhala pansi ngakhale pakudya.

Ndiye ndinapeza mankhwala. Panali mayi wina wophika kachasu kuseri kwa dambo la mpunga, ndinamuuza kuti ndikufuna wotsukira zitsulo zachipatala. Ndinkamuthira mu tiyipoti kuti wolowa m'nyumba aziti anamwino amakonda tiyi. Poyamba kapu imodzi ntchito ikatha. Kenako kapu imodzi ntchito isanayambe, kuti kamawu kaja katonthole. Kenako ndinasiya kuwerenga.

Tsopano ndikuuzeni za Asiyatu. Anali mkazi wachitsikana wa msodzi wina dzina lake Saidi, mimba yake yoyamba, wamanyazi, woseka atagwira pakamwa. Mwezi wake womaliza ndinamugwira pamimba n'kupeza kuti mwana wakhala chokhala ndipo wakana kutembenuka. Ndinamuuza kuti asayerekeze kuchirira kumudzi, kuti oterewa ndawalandirapo ndipo ndikudziwa pogwira. Ndinamuuza ndi pakamwa pangapa kuti akangomva msana kupweteka abwere msanga, andipeza.

Linali Lachisanu. Bambo Nyirenda anali atapalasa njinga m'mamawa kupita kuboma kukatenga mankhwala. Ndili pakhonde ndikuyeza amayi, ndinamva wina akunditchula dzina lapaubwana. Kutembenuka, ndi Nachisale, mlongo wa mwamuna wanga wakale uja, ali ndi dengu pamutu, wabwera kunyanja kudzagula usipa wouma wokagulitsa. Sindikhulupirira kuti anabwera ndi nkhondo. Anangoseka n'kunena kuti alamu, mwafika pochiritsa anzanu tsopano. Mayi wina pakhonde, pofuna kucheza naye, anati anamwino athu ndi achifundo chifukwa nawonso anaikapo mwana m'manda.

Nachisale anatsitsa dengu n'kufunsa kuti, "Mwana uti?"

Palibe anayankha. Ine ndinasiya mayi ali pasikelo, ndinadutsa pakati pawo, ndinalowa m'nyumba mwanga, ndinatseka chitseko n'kukankha mpiringidzo. Ndinakhuthula tiyipoti. Ndinayenda kuchoka kukhoma ili kufika ku ilo, ndinavundukula makina, ndinayamba kulongedza zovala, ndinazimasulanso. M'mutu mwanga ndinkaona nkhani ikuyenda nyumba ndi nyumba mpaka kudoko, amayi akuomba m'manja, akuti takhala tikuvulira chumba.

Dzuwa lili paliwombo ndinamva kuitana kwa kumzikiti, amuna onse a mbali imeneyo n'kupita kukaswali. Posakhalitsa chitseko changa chinagogodedwa. Ndinati afika odzandiyalutsa. Koma mawu amene ndinamva anali a apongozi ake a Asiyatu. Anati matenda ayamba, madzi asweka, mwendo wa mwana waoneka, anamwino tulukani.

Pano ndiye pamene ndinkakongoletsa kale. Ndinkati ndinali nditaledzera, sindinamve. Bodza. Ndinali nditamwa, inde, koma ndinamva liwu lililonse. Ndinamva Asiyatu akubuula pakhonde panga, mbali ina ya thabwa lomwe ndinatsamira. Ndinkadziwa choyenera kuchita, manja anga ankadziwa, moti zala zinkayenda zokha m'mwamba ngati ndagwira kale kamsana ka mwanayo. Koma kamawu kaja kanalankhula mokoma kuposa kale lonse. Kanati asiye apite kuboma kwa azamba enieni, iwe ukatsegula umupha, ndipo akadzafunsa adzapeza kuti anamugwira ndi telala wosabereka. Ndinadzinamiza kuti ndikumuteteza kwa ine mwini. Anagogoda nthawi yaitali. Kenako ndinamva mapazi akuchoka.

Popeza amuna kunalibe, amayi anayi anamunyamula okha pamachira a nsungwi ndi bulangete mpaka kumsewu. Lole yonyamula mpunga inadutsa mochedwa. Mwana anatuluka thupi ali panjira, mutu n'kukanirira, ndipo panalibe wodziwa pogwira. Anali wamwamuna. Asiyatu anapulumuka. Mwanayo anaikidwa monga timaikira nthayo, mwana wobadwa wakufa: amayi okhaokha, mwakachetechete, popanda kulira maliro.

Bambo Nyirenda atabwera ndinawauza kuti ndinagwidwa ndi malungo. Anaima pakhomo, anayang'ana tiyipoti, anayang'ana ine, n'kunena kuti, "Mama, malungo anuwa akununkha kachasu." Analemba lipoti monga ntchito yawo inkafunira. Kalata inabwera yondiimitsa miyezi itatu, pambuyo pake ndikaonekere kwa akuluakulu kukafotokoza. Sindinadikire. Ndinakweza makina anga pangolo n'kubwerera kuboma, pakhonde lomwe lija.

Ndikuuzeni chinthu chamanyazi kuposa zonse. Nditakhala pampando wa makina n'kuponda chopondera, ndinapuma. Mtima unati wabwerera pamalo pako, palibenso wodzakugwira. Mwana ali m'dothi, ine ndikumva kupepukidwa. Miyezi itatu inatha, sindinapite kukaonekera. Tiyipoti ndinali nayo pansi pa makina. Mizere yanga inayamba kukhota, makasitomala akale anayamba kudutsa osaima, ndipo ndikaona mayi woyembekezera akubwera ndinkawerama ngati ndikufuna singano yogwa. Ndinakhala choncho pafupifupi chaka.

Tsiku lina m'mawa, kunja kukutentha kale, munthu anaima patsogolo pa makina n'kuika diresi lobiriwira pathebulo. Sindinakweze mutu. Anati ndilikulitse m'chiuno. Mawuwo ndinawadziwa. Ndinayang'ana kumbali kuti ndione pothawira, koma kumbuyo kwanga kunali khoma la sitolo ndipo miyendo inali pansi pa makina. Anali Asiyatu, yekha, ataonda kumaso, wosasekanso atagwira pakamwa.

Ndinachita zimene telala amachita. Ndinatenga tepi, ndinaimirira, ndinamuzunguliza m'chiuno. Telala amayeza ndi tepi, n'kuwerenga nambala, n'kuchotsa manja. Koma dzanja langa silinachoke. Linatambasuka lokha pamimba pake, linakwera pang'ono pamwamba pa mchombo, linafunafuna monga linaphunzirira. Pansi pa chikhatho changa china chake chinagunda, kamodzi, kenako kawiri. Ndinamva pakamwa panga pakunena kuti miyezi isanu ndi umodzi. Iye anangoti ankadziwa kuti manjawo sanaiwale.

Pamenepo ndinagwa pampando, tepi ili m'manja, n'kuyamba kuulula. Ndinati pali chimene sakudziwa, chimene mwina wamva kwa Nachisale koma ndikufuna achimve kwa ine. Ndinati Tiyamike kunalibe, sindinaberekepo, sindinatengepo ngakhale pakati, ndinalowa m'chipinda cha amayi ngati mbala, ndipo tsiku lija sindinatsegule chifukwa sindinali woyenera kumugwira.

Anandisiya ndimalize. Kenako anati, "Anamwino, inu munkasamba nafe kudoko."

Sindinamvetse. Ndiye anandifotokozera pang'onopang'ono, ngati akuuza mwana. Anati thupi la mkazi amene anabereka n'kuyamwitsa zaka ziwiri silibisika, pamimba pamakhala mizere, mawere amanena okha. Anati sabata yanga yoyamba yomwe, amayi akuluakulu anandiona ndikusamba n'kutsinana. Pofika Lamulungu mudzi wonse wa akazi unkadziwa kuti anamwino atsopano sanaponde kuchikuta. Ena anafuna kundifunsa, koma Abiti Juma, mzamba wa m'mudzi amene ndinkamuopa ngati ng'ona, anawaletsa. Anati munthu akamalira mwana woti kulibe ndiye kuti pali chimene akulira, msiyeni alire, ife tione manja ake. Anaona manjawo, n'kuyamba kunditumizira okha amayi ovuta.

Ganizani. Zaka ziwiri ndikutuluka thukuta ndi galimoto iliyonse, ndikumwa mowa mu tiyipoti, ndikulondera chinsinsi, chikhalirecho m'mawa uliwonse ndinkachivula ndekha pamaso pawo n'kuchipaka sopo. Ndinkasimba za mbatata ya Tiyamike, iwo akuvomera, akuti pepani, akudziwa. Pakhonde paja Nachisale atafunsa, sanakhale chete chifukwa chodabwa. Anakhala chete chifukwa chondimvera manyazi.

Ndinamufunsa kuti nanga bwanji ankabwerabe kwa ine. Anati iwo ankabwera kudzachira, sankabwera kudzawerenga ana anga. Atatero anandiyang'ana m'maso, ndipo mawu amene ananena ndi amene ndabwera kudzakupatsani lero.

"Mwana wanga sanafe chifukwa choti inu simunabereke. Anafa chifukwa simunatsegule chitseko."

Ndinalira pakhonde la sitolo anthu akudutsa. Kwa chaka chathunthu ndinkaganiza kuti tchimo langa linali kulowa ntchito yosandiyenera. Limenelo linali tchimo lokoma kulisenza, chifukwa chilango chake chinali kubwerera kumakina kumene ndinkafuna kale. Asiyatu anandilanda limenelo n'kundipatsa lenileni. Ndinali woyenera, ndinkatha, ndipo ndinakhala pansi kuseri kwa thabwa ndikuganiza za ine.

Ndinapempha kuti andikhululukire. Anati zimenezo lero alibe, mwina Mulungu adzamupatsa mtsogolo. Anati chimene wabwerera n'choti chichokere ine chipinda cha amayi n'chotseka, palibe anabwera m'malo mwanga, ndipo mwana uyu adzafika mvula itadula msewu.

"Ndikufuna mudzamulandire ndinu," anatero. "Diresilo mukamaliza mubwere nalo nokha."

Madzi akatayika saoleka, koma mtsuko umatungidwanso. Ndikuuzeni mmene ndinabwererera, poti pamenepa ndi pamene mungatolepo kanthu.

Tsiku lomwelo ndinakhuthula tiyipoti m'ngalande. Musaganize kuti zinathera pomwepo. Sabata ziwiri manja ankanjenjemera moti ulusi sunkalowa pasingano, ndipo ndinapempha mkazi wa mwini sitolo kuti akandiona ndikulowera njira ya kumowa andiitane mokweza ndi dzina. Anandiitana katatu, msika wonse ukumva. Manyazi amenewo anandithandiza kuposa mapemphero anga a nthawi imeneyo.

Kenako ndinapita kwa akuluakulu a zachipatala amene ndinawathawa aja. Ndinanyamula kathumba ka zovala, chifukwa masiku amenewo wolowa mu ofesi ya boma ndi mlandu sankadziwa ngati atulukira khomo lomwelo. Ndinanena zonse, za mowa, za bodza, za chitseko, popanda malungo. Mayi wamkulu wa anamwino anandikalipira mpaka ndinafuna nthaka indimeze. Za kusabereka anangoti nanga pafomu panali funso limenelo? Anandiika miyezi iwiri m'chipinda cha amayi paboma, pansi pa mtsikana wina amene ndinaphunzira naye, woti mayeso ndinamuposa. Ndinatsuka mabeseni, ndinalandira ana iye akundiyang'ana, ankandinunkhiza pakamwa m'mawa uliwonse. Zinandiwawa, koma kwa nthawi yoyamba munthu wodziwa zonse za ine anaona ntchito yanga n'kunena kuti ili bwino, ndipo sindinathe kunena kuti wanamizidwa.

Makina ndinawapereka kwa mwana wa mchemwali wanga ndisananyamuke. Ndinalira powapereka, anali abwino. Koma munthu amene amathira mafuta njira yake yothawira Loweruka lililonse, tsiku lina adzaigwiritsa ntchito. Sindikuti mutaye luso lanu lakale, ine mpaka lero palibe amasoka bala mwaudongo kuposa ine m'boma muno. Ndikuti musamaike phazi limodzi panja.

Nditabwerera ku Mwadzama, bambo Nyirenda anangoti mwabwera mama, n'kundipatsa makiyi. Tsiku la sikelo ndinaima pakhonde n'kuuza amayi kuti ine sindinaberekepo, Tiyamike kunalibe, ndipo tsiku la Asiyatu ndinali m'nyumba ndikumva. Ena anayang'ana pansi. Awiri ananyamuka n'kupita, ndipo mmodzi mwa iwo sanabwerenso kwa ine moyo wake wonse, sindimuimba mlandu. Abiti Juma, amene anali ataperekeza mdzukulu wake, anati tamva, tsopano yezani anthu dzuwa likukwera.

Kwa Abiti Juma komweko ndinapita ndekha pambuyo pake, n'kumuuza kuti ululu wa kubereka sindiudziwa, andiuze. Anandiseka kaye mpaka kutsokomola. Kenako anandiuza zimene m'mabuku munalibe, mmene mayi amamvera ikafika nthawi yoti akufuna kutukwana aliyense, nthawi yoti amati ndikufa pamene mwana ali pafupi. Kuyambira pamenepo mayi akandiuza kuti inu simudziwa mmene zikuwawira, ndinkati zoona, sindidziwa, undiuze iweyo, ine ndikudziwa kumene mwana ali. Mudzadabwa mmene anthu amamasukira ukawauza chimene sudziwa. Safunsa anadya phula, ine ndinadya langa lokwanira.

Musandifunse ngati kamawu kaja kanafa. Sikanafe. Lero lomwe ndikubwera kuno kanati ukawauza chiyani anthu ophunzira, telala iwe. Ndinasiya kukangana nako. Ndimakauza kuti ndamva, tiye, uzilankhula tikuyenda. Chimene ndinaphunzira n'choti kudzikayikira kumaoneka ngati kudzichepetsa, koma kukakula kumasanduka kudzikonda, chifukwa umakhala ukudziyang'ana wekha pamene pakhomo pali munthu akubuula.

Asiyatu anadwala m'mwezi wa mvula, m'mawa, msewu utaduka monga ananenera. Ndinali m'nyumba ndikusita yunifolomu. Apongozi ake omwe aja anakwera pakhonde, anakweza dzanja kuti agogode, n'kupeza kuti palibe chogogoda, chitseko chinali chotsegula, chotsekerezedwa ndi mwala. Anaima choncho dzanja lili m'mwamba, ine n'kutuluka. Mwana anabwera bwino, mutu patsogolo, wamkazi, wolira ngati wamenyedwa. Nditamuika pachifuwa cha make, Asiyatu sanandiyang'ane, anayang'ana mwana. Anabweranso kwa ine kanayi pambuyo pake. Mawu oti ndakukhululukirani sanawanenepo, ndipo ine sindinawapemphenso. Tikakumana timapatsana moni, timafunsana za ana ake asanu, tonse tikudziwa kuti akanakhala asanu ndi mmodzi. Wamwamuna uja bwenzi pano ali ndi ndevu ndi bwato lake.

Tsopano kachitsulo aka. Ndi mpiringidzo wa pachitseko chija. Ndinauzula ndi mpeni tsiku limene ndinabwerera, ndipo ndakhala nawo m'thumba la yunifolomu zaka zonsezi. Mantha anu sindingakuchotsereni, mwina mudzakalamba nawo monga ine. Koma tsiku likubwera limene wina adzagogoda chifukwa cha ntchito imene mukuti sikukuyenerani, ndipo iyeyo sadzakhala akufunsa mbiri yanu, adzakhala akufuna mutuluke.

Landirani, mwanangu, uyende mzere wonse, aliyense augwire. Muona kuti ndi kachitsulo kopepuka, kosachita dzimbiri, koyenda bwino. Tsiku lija chala chimodzi chikanakwanira.